Kuletsa mowa pa zikondwerero za kunyanja: pamene lamulo lingagwire ndi pamene lingaphonye

Mwezi wa October ukamayandikira, nkhani yoletsa kugulitsa mowa pa zikondwerero imabwereranso pakamwa pa anthu kuno ku Salima. Pa 15 October, tsiku la anakubala, msewu wa M14 umadzaza kuyambira m'mawa: maminibasi, ma Sienta, malole onyamula magulu a amayi ndi achinyamata, onsewo ulendo wa ku Senga Bay. Pa Khirisimasi, pa chaka chatsopano ndi pa Pasaka n'chimodzimodzi. Palinso zikondwerero za oyimba. Sand Music Festival yachitikira ku Senga Bay zaka zingapo, Lake of Stars inabwera kuno mu 2018, ndipo mu 2024 inali ku Nkhotakota. Alendowa amasiya ndalama, zimenezo palibe angakane. Koma chisangalalo chikatha onse amabwerera pa msewu umodzi womwewo, ndipo ambiri mwa ogwira chiwongolero amakhala atalawa.

A mipingo, a mizikiti ndi mafumu ena amati yankho ndi lapafupi: masiku amenewa mowa usagulitsidwe, basi. Cholinga chawo ndikugwirizana nacho ndi mtima wonse. Njirayo ndiyo ndikuikayikira. Pa msewu chimene chimapha ndi kuchuluka kwa mowa m'magazi mwa woyendetsa pa ola limene akuliza galimoto. Lamulo lomwe silikhudza munthu ameneyu ndi ola limeneli limangosamutsa mowa kuchoka pa kauntala kupita m'buti ya galimoto.

Tiyambe ndi masamu, chifukwa popanda masamu nkhaniyi imangokhala yokokanakokana. Malamulo a pamsewu m'dziko muno amaika malire pa magalamu 0.08 a mowa m'mamililita 100 a magazi. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza 0.05, ndipo kwa achinyamata ndi ongoyamba kumene kuyendetsa limati 0.02. Limanenanso kuti chiopsezo cha ngozi chimakwera moonekeratu munthu akafika pa 0.04. Ndiye kuti malire athuwa ndi omasuka kale, munthu akawadutsa ndiye kuti wapita patali.

Botolo la mowa la mamililita 330, la mphamvu ya pafupifupi 5 peresenti, limakhala ndi magalamu 13 a mowa weniweni. Bambo wolemera makilogalamu 65 akamwa mabotolo anayi otere m'maola awiri amakhala ali pa malire kapena wawadutsa pang'ono. Mayi wa makilogalamu 55 amadutsa ndi atatu, chifukwa thupi lake lili ndi madzi ochepa osungunuliramo mowawo. Paketi ya chibuku ya lita imodzi muziiwerenga ngati mabotolo awiri, ndipo ikagonera imaposa apo, poti mowa wamasese umapitiriza kuwira uli m'paketi momwemo. Koma owononga kwambiri ndi timabotolo ta mowa waukali tomwe tinalowa m'malo mwa masacheti boma litawaletsa mu 2015. Kabotolo ka mamililita 200 ka 40 peresenti kali ndi magalamu 63, ofanana ndi mabotolo asanu a mowa wamba. Kamakwana m'thumba la buluku, ndipo mnyamata amakagugudiza mphindi khumi zisanathe. Kachasu ndiye alibe muyezo n'komwe. Mutu wake ndi wakumapeto kwake zimasiyana kutali, ndipo womwa sadziwa kuti wathiridwa uti.

Mowa umalowa msanga koma umatuluka mwaulesi. Umafika pachimake m'magazi pakati pa mphindi 30 ndi 90 munthu atamwa, msanga kwambiri m'mimba mukakhala mopanda kanthu. Pouchotsa, chiwindi chimatsitsa pafupifupi 0.015 pa ola, zomwe sizikwana ngakhale botolo limodzi. Khofi, kanyenya, zakumwa zopatsa mphamvu zija, zonsezi siziwonjezera liwiro la chiwindi. Kudziponya m'nyanja kuti mowa uthe ndiye koopsa kawiri, chifukwa mowa sutha ndipo woledzera amamira pa madzi ofika m'chiuno. Taganizani munthu amene wasiya kumwa 2 koloko usiku ali pa 0.15. Pofika 6 koloko m'mawa akadali pa 0.09. Wagona, wasukusula, akuti ndi matsire chabe, koma mwalamulo sayenera kugwira chiwongolero, ndipo kuti mowawo utheretu afike cha m'ma 12 koloko masana. Anthu okonza chitetezo cha zikondwerero amaiwala kwambiri gulu limeneli, lonyamuka Lamulungu kapena Lolemba m'bandakucha kuthamangira kuntchito ku Lilongwe.

Pa liwiro la makilomita 80 pa ola, galimoto imayenda mamita 22 pa sekondi iliyonse. Woyendetsa wabwinobwino amatenga sekondi imodzi kapena imodzi ndi theka kuti aone chinthu ndi kuponda buleki, kenako galimotoyo imafuna mamita ena pafupifupi 35 kuti iime pa phula louma. Zonse pamodzi ndi mamita 60 kapena 70. Usiku, nyali zotsitsa zimamuonetsa munthu wovala zakuda ali kale pafupi kuposa pamenepo. Mowa ukaonjezera sekondi imodzi yokha ya kuchedwa, ndi mamita 22 ena, ndipo buleki imapondedwa munthu atagundidwa kale. Mowa umachepetsanso kuona kwa m'mbali, komanso maso akathobwa ndi nyali za galimoto yobwera kutsogolo amachedwa kubwerera m'chimake.

Ndipo m'mbali mwa misewu yathuyi mumakhala anthu usiku wonse. Pakati pa Kamuzu Road, m'tauni ya Salima, ndi Senga Bay pali akabaza a njinga zakapalasa, ambiri opanda chonyezimira kumbuyo. Pali amayi olawirira kudooko kukapikula usipa, ngolo zopanda nyali, mbuzi zogona pa phula. Mukalowera ku Nkhotakota pa M5 mumadutsa Khombedza, Benga, Mkaika ndi Chia, pomwe msika umafika m'mphepete mwenimweni mwa msewu ndipo ogulitsa nsomba amathamangira galimoto iliyonse yochepetsa liwiro. Obwerera ku Lilongwe amakumana ndi makhotakhota a zitunda za ku Mvera tulo titayamba kuwagwira. Ambiri mwa ogundidwa m'malo amenewa sanapite ku chikondwerero chilichonse, ndipo ena, makamaka abale athu achisilamu omwe ndi ochuluka m'maboma awiriwa, mowa sanaulaweko chibadwire. Wovulala mutu kwambiri akafika pa chipatala cha boma cha Salima amayenera kutumizidwa ku Kamuzu Central, makilomita pafupifupi 100. Wochokera ku Nkhotakota ndi pafupifupi 200. Maola amenewo ndi omwe munthu amatsirizikira mu ambulansi.

Tsono tiyerekeze kuti khonsolo yalengeza kuti pa masiku atatu a chikondwerero mowa usagulitsidwe paliponse m'boma la Salima. Chichitike n'chiyani?

Mowa wambiri womwedwa kunyanja pa masiku otere sugulidwa kuno. Umagulidwa ku Lilongwe dzulo lake, n'kuikidwa mu cooler box pamodzi ndi ayisi. Anthu akamva kuti ku Salima kulibe mowa, sasiya kumwa, amangoonjezera makireti ku Lilongwe komweko, ndipo botolo loyamba limatsegulidwa asanatuluke n'komwe mu Kanengo. Poyamba vuto linali la pobwerera pokha, tsopano lakhala la popita ndi pobwerera pomwe.

Chinanso, chiletso chimasintha mtundu wa mowa. Kireti ya mabotolo 20 simungaibise, koma timabotolo tinayi ta mowa waukali tili ndi mphamvu yofanana ndi kireti yonseyo, ndipo timalowa m'chikwama cha m'manja kapena kuthiridwa m'botolo la madzi. Munthu amene akanamwa mowa wamba pang'onopang'ono tsiku lonse amayamba kumwa waukali mobisa ndi mofulumira, kuseri kwa galimoto, zomwe zimakweza mowa m'magazi mwadzidzidzi.

Ogulitsa okhala ndi ziphaso amatseka chifukwa ali ndi chotaya. Otcheza kachasu m'midzi yozungulira alibe chiphaso choti alandidwe, ndipo masiku amenewo ndiwo amakolola. Apolisi, omwe ndi ochepa kale, amathera tsiku kulondola mashabini m'malo moima pa msewu. Mowa wobisa ulinso ndi imfa yakeyake. Mu 2024 ku Blantyre anthu angapo anamwalira atamwa mowa wosadziwika chomwe anasakanizamo. Ndipo chiletsocho chikakhala cha pamalo a chikondwerero pokha, anthu amaliza galimoto kupita ku Kamuzu Road, makilomita pafupifupi 20, kukamwa n'kubwerera kudzavina. Mwaonjezera maulendo a oledzera pa chigawo chomwe chili ndi njinga zambiri.

Ofuna chiletso ali ndi umboni wawo, ndipo ndi woona. Mu 2020, nthawi ya Covid-19, dziko la South Africa linaletsa kugulitsa mowa kangapo, ndipo ovulala ofika m'zipatala anachepa kwambiri. Pa 1 January 2021 chipatala chachikulu cha Chris Hani Baragwanath ku Soweto chinalengeza kuti chipinda chake cholandirira ovulala modetsa nkhawa chinali chopanda wodwala, zomwe zinali zisanachitikepo pa tsiku la chaka chatsopano. Koma chiletso chimenecho chinali cha dziko lonse, kuyambira kufakitale mpaka kusitolo, ndipo chinayendera limodzi ndi lamulo loletsa kuyenda usiku. Munthu wa ku Johannesburg analibe boma loyandikana nalo loti akagulekomo. Khonsolo ya Salima ilibe mphamvu pa masitolo a ku Lilongwe, ndipo chikondwerero cha usiku sichingayendere limodzi ndi lamulo loletsa kuyenda usiku.

Chiletso chomwe chingagwire kuno n'chosankha: mowa uti, pati, ola liti. Pa masiku olengezedwa, mowa waukali wogula n'kunyamula usagulitsidwe m'malo onse ogundana ndi msewu wa M14 ndi M5, kuphatikizapo masitolo a pamalo omwetsera mafuta. Awa ndi malo amene woyendetsa amaima mphindi zitatu, n'kutuluka ndi kabotolo komwera pa chiwongolero. Si maganizo achilendo: khothi lalikulu la ku India linalamula mu December 2016 kuti mowa usagulitsidwe pa mtunda wa mamita 500 kuchokera ku misewu ikuluikulu, ngakhale pambuyo pake linafewetsa lamulolo m'matauni. Kwa ife njira yachidule ndi chiphaso. Ziphaso zogulitsira mowa zimaperekedwa ndi khonsolo, choncho masiku ndi maola oletsedwa alembedwe ngati mfundo za chiphasocho pochikonzanso, wogulitsa asaine akudziwa. Malamulo atsopano a khonsolo sapsa tsiku limodzi, amadutsa m'makomiti n'kukavomerezedwa ku unduna, ndiye zoti muyambe kukambirana sabata ya chikondwerero n'kuchedwa. Chilengezo chituluke patatsala mwezi, m'Chichewa ndi m'Chiyao, kudzera pa wayilesi za m'dera ndi kwa mafumu, makamaka a kwa T/A Maganga komwe kuli Senga Bay.

M'kati mwa chikondwerero mowa ugulitsidwe, koma wamba ndi wamasese wokha, wothira m'makapu, osapitirira awiri kwa munthu pa ulendo umodzi. Malire a awiriwa ali ndi ntchito: amathetsa zogula mulu wa mabotolo n'kuunjika patebulo, pomwe palibe amene amawerenga kuti wamwa angati. Kugulitsa kuime patatsala maola osachepera awiri kuti chisangalalo chithe. Tisadzinamize pa zomwe maola awiriwa angachite. Amatsitsa 0.03 yokha. Munthu wa pa 0.10 afika pa 0.07, koma wa pa 0.15 akhala adakali kutali. Phindu lake lalikulu ndi loti munthu sakwera galimoto mowa ukukwerabe m'magazi, kuchoka pa geti akuoneka bwino n'kukaledzerera pa Kaphatenga. Cholakwika chomwe chimachitika kawirikawiri n'kutseka mowa ndi nyimbo nthawi imodzi. Mukatero anthu onse amanyamuka pamodzi ali pachimake. Woyimba amene anthu akumudikira kwambiri aikidwe pambuyo potseka mowa, chipisi, nsomba ndi tiyi zipitirire kugulitsidwa, ndipo madzi akumwa akhale aulere m'madiramu a malita 200 oikidwa poonekera. Kutentha kwa October kunyanja kumachititsa anthu kumwa mowa ngati madzi, chifukwa choti madziwo ndi ogula.

Malo oimika magalimoto ndiwo bala yaikulu kuposa zonse pa zikondwerero zathu. Mabuti amatsegulidwa, nyimbo zimalira, ndipo munthu amamwa atatsamira galimoto yomwe ayendetse. Malowa atchingidwe padera, akhale ndi geti limodzi, ndipo wolowamo akhale wodzatenga katundu kapena wonyamuka. Pofika, galimoto iliyonse itchule woyendetsa wake, amangidwe kachingwe ka pamkono ka mtundu wosiyana, kosavuka popanda kudula. Ogulitsa asamugulitse mowa, koma azimupatsa zoziziritsa kukhosi ziwiri kapena zitatu zaulere. Njira imeneyi payokha ndi yofooka, chifukwa anzake amamugulira, kapena potuluka chiwongolero chimagwiridwa ndi wina. Imalimba pokhapokha aliyense akudziwa kuti pa geti lotulukira apumira mu breathalyser, makina oyezera mowa pa mpweya wa munthu.

Apa ndi pamene Senga Bay ili ndi mwayi womwe Lilongwe ilibe. Msewu wa phula wotulukira ndi umodzi. Malo ambiri a m'mphepete mwa nyanja ku Nkhotakota nawonso ali ndi kamsewu kamodzi kokalowa mu M5. Woyendetsa alibe kozembera.

Kuyeza kwabwino kumachitika pawiri. Koyamba kukhale pa geti, galimoto isanalowe mu msewu wa boma. Pamenepo munthu sanapalamule mlandu, choncho palibe chindapusa, ndipo popanda chindapusa nkhani ya "ya fanta" ilibe poyambira. Wapezeka wadutsa malire, galimoto ikhala pomwepo, kapena ayendetse mnzake amene wayezedwa n'kupezeka bwino komanso ali ndi laisensi. Kwachiwiri n'kwa apolisi a pamsewu ndi a nthambi ya boma yoona za pamsewu ya DRTSS, pa msewu weniweni, cha ku Kaphatenga pomwe opita ku Lilongwe ndi opita ku Nkhotakota amasiyanirana. Kuyeza kumeneku ndiko kwa mlandu, kogwira omwe amwera kwina kapena atsegula botolo atadutsa geti. Kuyezaku kusathe usiku. Kubwerenso kuyambira 5 koloko mpaka 10 koloko m'mawa, chifukwa cha a matsire aja.

Makina amafuna kuwerengera. Kuyeza munthu mmodzi, kuyambira kuimitsa mpaka kumulola kupita, kumatenga mphindi imodzi kapena kuposerapo pang'ono, ndiye makina amodzi amakwanitsa magalimoto 40 kapena 50 pa ola. Tiyerekeze kuti magalimoto 600 atuluka m'maola atatu. Ndi 200 pa ola, kutanthauza makina anayi kapena asanu ogwira nthawi imodzi, ndi ena awiri apadera. Mukabwera ndi amodzi, mzere umatalika, mahutala amayamba kulira, ndipo woyeza amangoti pitani, pitani. Timapaipi topumira tikhale tochuluka kuposa magalimoto, kalikonse kogwiritsa ntchito kamodzi. Mabatire apadera akhalepo. Makinawo akhale atawunikidwa kuti akuwerenga molondola m'nthawi yomwe opanga analemba, kawirikawiri miyezi 6 kapena 12, apo ayi zotsatira zake zimakagwa kukhothi. Munthu akapezeka ndi mowa, aime pambali mphindi 15 kapena 20 osamwa kanthu kena, kenako ayezedwenso ndi kapaipi katsopano. Chifukwa chake n'choti mowa wotsalira m'kamwa, ngakhale wa mankhwala otsukira m'kamwa, umakweza nambala monama m'mphindi zoyambirira. Kuyeza kwachiwiriko ndiko kolembedwa. Pamalopo pakhale kuwala kokwanira, zikwangwani zochenjeza zoikidwa patali mbali zonse ziwiri, ndi bwalo loti magalimoto 30 kapena 50 aimepo osatseka msewu, chifukwa rodibuloko yamdima pa usiku wa oledzera imasanduka malo a ngozi.

Ayezedwe onse. Ku Australia, komwe kuyeza mpweya wa oyendetsa mosasankha kunayamba m'chigawo cha Victoria mu 1976, mphamvu ya njirayi yagona pa kuti munthu amadziwa kuti adzaimitsidwa ngakhale akuyendetsa mowongoka. Kwathu kuno chimene chimapha ntchito yotere ndi galimoto yaikulu ya magalasi akuda yomwe imalonjeredwa n'kudutsa. Anthu 50 a pamzere akaona zimenezo, lamulo latha usiku womwewo. Pakhale buku lolembamo nambala ya galimoto, ola ndi zotsatira, losungidwa ndi munthu wina osati woyezayo. Makina ambiri amasunga chiwerengero cha omwe ayezedwa, ndiye m'mawa chiwerengerocho chifanane ndi cha m'buku.

Wolephera mayeso apite kuti? Funso limeneli likapanda yankho, zonse zapamwambazi zimagwa, chifukwa palibe mlonda angatsekereze bambo wa ana atatu 1 koloko usiku popanda pomugoneka. Malo ogona ku Senga Bay amadzaza masiku amenewa ndipo mitengo imakwera. Okonza chikondwerero aike tenti yaikulu ya amuna ndi ina ya akazi ndi ana, mphasa kapena matiresi, chimbudzi, nyali ndi alonda, komanso chitsimikizo choti galimoto yotsala ilonderedwa mpaka m'mawa kwaulere. Anthu ambiri amakakamira kuyendetsa ataledzera poopa kupeza galimoto itaphwanyidwa magalasi. Woledzera kwambiri agonekedwe chammbali, osati chagada, kuti akasanza asatsamwe, ndipo wina azimuyang'ana. Mabasi obwerera ku Lilongwe akhale m'mtengo wa tikiti, onyamuka pa maola odziwika, kuti munthu asankhe kusiya galimoto kunyumba asananyamuke.

Koma dalaivala amene ndimamudera nkhawa kwambiri si wa galimoto yakeyake. Ndi wa minibasi kapena lole ya hayala pa tsiku la anakubala. Wafikitsa gulu 9 koloko m'mawa, ndipo alibe chochita mpaka 5 koloko madzulo. Wakhala pansi pa mtengo pafupi ndi galimoto, kukutentha, sanapatsidwe ya chakudya, ndipo okwera omwewo, pofuna kumusangalatsa, amabwera mmodzimmodzi: "Adalaivala, kamodzi kokha aka." Anthu asanu akatero, ndi mabotolo asanu pamimba yopanda nsima. Madzulo munthu ameneyu anyamula anthu 40 oimirira kumbuyo kwa lole, kukwera nawo zitunda za Mvera mumdima. Amayi apampando ndi akuluakulu a magulu ali ndi mphamvu pano kuposa wapolisi. Pogwirizana za hayala anene poyera kuti theka la ndalama liperekedwa atafika kunyumba, ndipo dalaivala akalawa mowa theka limenelo lapita. Chakudya chake chamasana chikhale m'bajeti ya ulendo. Gulu liuzidwe m'galimoto musananyamuke kuti womugulira dalaivala mowa walakwira onse. Ulendo wobwerera uyambe 3 koloko kapena 4 koloko, kuti zitunda zidutsidwe kukuwala. Ndipo kwa oyendetsa onyamula anthu, pa geti malire akhale 0.00, osati 0.08.

Akabaza a njinga zamoto nawo asasiyidwe. Magalimoto akatsekeredwa, anthu amathamangira kwa iwo, ndipo ena mwa iwo amakhala akumwa timabotolo tija kuti athane ndi tulo. Wapampando wa siteji abweretse mayina a ogwira ntchito usikuwo, ayezedwe poyamba ndi pakati pa usiku, ndipo opezeka bwino avale zovala zonyezimira za manambala kuti okwera awazindikire. Wokwera akhale mmodzi, ndi helemeti. Munthu amene akulephera kuima yekha asakwezedwe pa njinga, chifukwa amagona m'njira n'kugwa chagada, mutu pa phula. Woteroyo malo ake ndi mu tenti muja. Chimodzimodzi oyenda pansi: woledzera wogona m'mphepete mwa msewu saoneka mpaka tayala litamufika, ndiye achitetezo a m'mudzi oyendera chigawo cha pafupi ndi geti ndi matochi amapulumutsa anthu omwe breathalyser singawaone.

Ndalama zake zichokera kuti? Kwa opindula. Chilolezo chochititsa chikondwerero chisaperekedwe popanda pepala losonyeza makina angati, timapaipi tingati, tenti ya anthu angati, mabasi angati ndi ola lotsekera mowa. Makampani a mowa omwe amathandiza zikondwererozi ndi ndalama angathe kugula makina asanu osamva kuwawa, ndipo kwa iwo n'kwabwino kutero kusiyana ndi kutsekeredwa msika wonse. Eni malo ogona ndi ogulitsa a ziphaso amakana chiletso chathunthu chifukwa masiku ochepawa ndiwo amawalipirira miyezi ya mvula, koma mfundo zosankhazi angazilandire, ndipo lamulo lomwe wogulitsa walivomera limadzilondera lokha. Pa masiku ngati a anakubala, pomwe palibe mwini chikondwerero mmodzi, udindowu ugwere khonsolo ndi eni magombe olipiritsa pa geti, kuchokera pa ndalama yolowera yomweyo.

Pomaliza pa sabata iliyonse yotere pakhale kuwerenga. Apolisi, chipatala cha boma ndi okonza chikondwerero aike pamodzi manambala a kuyambira Lachisanu masana mpaka Lolemba masana: oyezedwa angati, odutsa malire angati ndipo pa maola ati, ogona mu tenti angati, ovulala pa msewu ofika kuchipatala angati, ndipo mwa iwo oyenda pansi ndi a njinga angati. Manambalawa awerengedwe pa msonkhano wa khonsolo n'kusungidwa. Akaonetsa kuti ambiri akugwidwa 6 koloko m'mawa, ola lotsekera mowa libwezedwe m'mbuyo chaka chotsatira. Akaonetsa kuti akugwidwa pa Kaphatenga atadutsa bwino pa geti, ndiye kuti pakati pa Senga Bay ndi Kamuzu Road pali amene akugulitsabe, ndipo chiphaso chake chiyang'anidwe pochikonzanso.